Foda ya Onse

Lachisanu madzulo kompyuta inapempha tiisiye yoyaka,
akuti inali ndi zatsopano zoti imeze.
Tinatseka mawindo oyang'ana kudoko la Valparaíso,
tinatsika masitepe, aliyense kwawo.

Lero Lolemba foda ya onse yasowa.
Ximena wadina kanayi, kachisanu ndi chala chaukali.
Makontena khumi ndi awiri a mphesa akudikira mapepala,
ndipo mphesa sizidziwa kudikira.
Maso onse agwera ine wowerengera ndalama,
kaamba koti chaka chatha
ndinatulutsa pepala limene linatsamwitsa pulinta.
Ukangothandiza kamodzi, basi wasanduka sing'anga.

Ndagwada kunsi kwa desiki ya pakona
kumene kompyuta yakale imang'ung'udza m'fumbi.
Waya wabuluu ali m'malo mwake, kanyali kakuphethira.
Ndazimitsa, ndayatsa. Ndazula rauta pakhoma,
ndawerenga mpaka makumi atatu ngati mwana pachibisalirano.
Palibe chasintha.

Ndaiitana ndi dzina, yakhala chete.
Ndaiitana ndi nambala yake, yavomera msangamsanga.
Ili moyo ndithu, ikungotinyalanyaza.
Ndavundukula apa ndi apo mpaka ndapeza:
usiku wina, osafunsa munthu,
inalemba kuti netiweki yathu ndi ya pagulu,
ngati ya pabwalo la ndege.
Zaka zisanu ndi zinayi chipinda chimodzi,
ketulo imodzi, kiyi mmodzi wa kuchimbudzi,
lero ikuti ndife anthu ongodutsa.
Ndaiuza kuti pano m'pathu. Yavomera monyinyirika.

Foda ija yatulukira. Ximena waomba m'manja,
koma pakhomo pafunsidwa dzina ndi mawu achinsinsi.
Kale sipankafunsidwa kanthu.
Ndayesa langa, lakanidwa.
La abwana, Eulalia, lakanidwanso.
M'kabokosi ka pamwamba muli dzina la zilembo zazing'ono:
nibaldo.

Chipinda chonse zii.
Don Nibaldo tinamuika m'manda mu Ogasiti,
ku Playa Ancha, mphepo ikutilanda maambulera.
Kapu yake ikadali pashelefu, palibe amaikhudza.
Kani nthawi yonseyi tinkalowa m'dzina lake,
invoisi iliyonse, chikalata chilichonse cha kasitomu
chinkadutsa m'manja mwake,
ngakhale manjawo atapindidwa kale pachifuwa.

Ndayesa tsiku lake lobadwa. Ndayesa timu yake ya mpira.
M'dirowa mwake ndapezamo maswiti a chifuwa,
mabatire akufa, lisiti la nsapato.
Foni ya kudoko yalira kachitatu.

Eulalia waimbira mkazi wa malemu, Griselda.
Kumeneko kwakhala chete nthawi yaitali,
kenaka kuseka kwa munthu amene mphuno zatsekeka:
"Yesani dzina la galu wathu woyamba, Merluza,
ndi chaka chimene tinakwatirana.
Munthu uja analibe chinsinsi china."

Ndalemba pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi,
monga ankalembera mwini wake.
Chitseko pululu!
Mafoda onse ali pamzere, mayina ake aataliatali,
wina anautcha "zakale musafufute chonde".

Mphesa zanyamuka itakwana fili koloko.
Sikana yokha ndiyo yakana kumva:
imayankhula chinenero chakale
chimene kompyuta yachiiwala dala, akuti n'chosatetezeka.
Ximena akuyenda ndi kafulashi m'manja,
masitepe asanu ndi limodzi kupita, asanu ndi limodzi kubwera,
akutukwana chapansipansi.

Onse aweruka. Ndatsala ndi nyali za sitima pawindo.
Ndapangira aliyense dzina lake ndi mawu ake,
monga zinayenera kukhalira kuyambira kale.
Dzina lakale lija ndaliloza ndi kamuvi,
kompyuta yafunsa ngati ndatsimikiza.
Ndayang'ana kapu pashelefu.
Ndadina ayi.

Pakapepala kachikasu ndalemba: mawa, sikana.
Ndakamata pasikirini, ndafunafuna makiyi anga.